Bulangete la kutentha kwa dziko: momwe talilukira ku Mchengautuwa

14 Okutobala 2023: kugula

Ntchitoyi anandiponyera ndi mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira ku Mzuzu University. Anabwera Loweruka lapitalo ndi chithunzi pa foni, mizere yokhayokha, yabuluu kumanzere, yofiira kumanja, nambala palibe, mawu palibe. Ine ndimayesa ndi chitenje chotuluka kumene. Iye akuti ayi Amayi, mzere uliwonse ndi chaka chimodzi, ndipo mtundu wake ukunena ngati dziko lonse linazizirirapo kapena kutentherapo chaka chimenecho. Anachikonza ndi Ed Hawkins wa ku University of Reading ku England mu 2018. Chimene chinandikoka mtima n'chakuti mnzake wa pa yunivesite yomweyo, Ellie Highwood, anali ataluka kale bulangete lotero mu 2017. Ndinati ngati zinayambira pa ulusi, singano ifenso tili nazo.

Ndilemba zonse, ndi zolakwika zomwe, kuti wina wofuna kuyesa asataye ndalama pomwe ndataya ine.

Manambala mwana anatenga mu tebulo la kutentha kwa dziko lotchedwa HadCRUT5, limene amalisunga a Met Office, oona za nyengo ku Britain, ndi a University of East Anglia. Limayambira 1850, ndipo chaka chomaliza chathunthu ndi 2022, ndiye mizere ikhala 173. Chaka chilichonse anachiyerekeza ndi avereji ya zaka za 1971 mpaka 2000. Chikakhala pansi pake ndi buluu, chikakhala pamwamba ndi chofiira, ndipo mtundu umasintha pa digiri 0.2 iliyonse. Zinatuluka mitundu isanu ndi itatu. Poopa kusokonezana tinaipatsa mayina athu. Abuluu, kuyambira wotuwa kufika wakuda: mtambo, yunifolomu, nyanja, inki. Ofiira: pinki, papaya, phwetekere, chidede.

Ndikufuna likhale la masentimita 120 m'lifupi. Amenewo ndi masitichi 264, ndipo singano zowongoka sizinganyamule. Singano ya chingwe ndinaisaka m'tauni monse, mpaka ku Taifa, osaipeza. Ndiye tagawa patatu, gawo lililonse masitichi 88. Lina ine, lina mlamu wanga wa ku Chibavi, lina aneba akuseri kwa mpanda. Tidzalumikiza pomaliza. Kaluke kake ndi puleni mbali zonse, singano ya mamilimita 4. Chaka chimodzi ndi maulendo anayi: kupita, kubwerera, kupita, kubwerera. Pa dzanja langa chikutuluka sentimita imodzi ndipo chikunditengera mphindi 15.

Ndagula mipukutu 16 ya ulusi wa akiriliki, ya magalamu 100, iwiri pa mtundu uliwonse, pa K2,500 umodzi. Ndi K40,000 imeneyo. Singano mapeya atatu K4,500. Kupulinta tebulo makope atatu K600. Zonse K45,100. Bambo a kunyumba anangoti bulangete la ku sitolo silifika pamenepo, n'kubwerera ku wailesi yawo.

28 Okutobala: manja atatu, mabulangete atatu

Takumana koyamba aliyense ataluka zaka 15. Titayala magawo pa mphasa tinangoyang'anana. Langa masentimita 15. La alamu 17. La aneba 13 ndi theka. Ulusi umodzi, singano zofanana, tebulo limodzi. Alamu dzanja lawo ndi lofewa, amaluka uku akucheza. Aneba amakunga ngati akumanga thumba la makala. Tikanapitiriza choncho, pofika 2022 gawo la alamu likanaposa la aneba ndi masentimita 40, ndipo 1950 wa uku akanakumana ndi 1976 wa uko.

Cholakwa ndi changa. Ndimayenera kuuza aliyense aluke kachidutswa koyesera tisanayambe. Ndinadumpha chifukwa cha phuma.

Awiriwo amasula zonse. Ndagula singano zina: alamu atenga ya mamilimita 3.5, aneba ya 4.5, K4,000 zonse. Ndadulanso timakatoni titatu ta masentimita 10. Lamulo ndi lakuti zaka 10 zilizonse uike katoni, zikapanda kufanana usapitirire. Aneba sanasangalale nazo. Anati iwo aluka majuzi a ana asanu popanda wowayeza ndi katoni. Ndinawaphikira tiyi, nkhani inatha.

11 Novembala: nyanja yauma

Apa ndiye ndinapusa kwenikweni. Ndinagula mitundu yonse mofanana ngati ndikuluka bulangete la maluwa, osawerenga kaye kuti mtundu uliwonse ukuoneka kangati m'tebulo. Chaka chimodzi, magawo onse atatu, chikudya magalamu pafupifupi 9. Mipukutu iwiri ndi zaka 22 basi. Nditakhala pansi ndi pensulo ndapeza kuti nyanja yokha ili ndi zaka pafupifupi 50, zambiri mwa izo kumayambiriro kwenikweniku. Yatithera tisanafike 1880. Pamene ofiira onse anayi pamodzi akugawana zaka za kumapeto zokha, moti mpukutu umodzi pa mtundu ukanakwana. Werengani kaye musanapite ku msika. Ndi ntchito ya theka la ola.

Ndiye zinakumana ndi tsoka lina. Lachinayi lapitali kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dola yachoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Ulusi umenewu ndi wochokera kunja. Lero mpukutu womwe uja ndi K3,800, ndipo wogulitsa akuti mawa sakulonjeza. Ndinagula umodzi wa nyanja. Pofika nawo kunyumba, pa dzuwa, si nyanja ija. Nambala ya mtundu pa pepala ndi yomweyo koma unanyikidwa ulendo wina, watuwa, ukukhala ngati yunifolomu. Pa juzi wamba ndikanangoti zilibe kanthu. Pano mtundu ndiwo nambala. Nditauika, ndiye kuti ndanena kuti zaka za m'ma 1880 zinali zotentherapo kuposa momwe zinalili. K3,800 yapita, ndidzalukira chipewa.

Kanthu kamodzi kokoma sabata ino. Pakati pa buluu wakuda yenseyu, 1878 watuluka mtambo, kamzere kowala kokhakokha. Aneba anaimba foni kuti tebulo lalakwika. Silinalakwike. Kunali El Niño wamkulu mu 1877 ndi 1878, uja amabwera madzi a m'nyanja ya Pacific akatentha, n'kutenthetsako dziko lonse ndi kusokoneza mvula.

25 Novembala: kaunjika

Nzeru inachokera kwa alamu. Tinapita pa kaunjika ndi kachidutswa ka nyanja m'manja, n'kumayerekeza ndi majuzi mulu ndi mulu. Anyamata ogulitsa amatiyang'ana ngati tazungulira mutu, amayi awiri osayesa juzi m'thupi koma kuligunditsa kaulusi. Tinapeza awiri achimuna, K3,000 lililonse.

Posankha, tembenuzani juzi muone msoko. Ngati zidutswa zake zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa, limasuka ulusi wautali umodzi. Ngati anachita kudula ndi kupana ndi makina m'mphepete, lisiyeni, mupeza tizidutswa ta mkono umodziumodzi. Athu onse anali abwino pamenepo.

Ulusi womasula umatuluka wopotanapotana. Ndinaukulunga kumsana kwa mpando, kumanga malo anayi, kuuviika m'madzi ofunda, n'kuuyanika pa mthunzi nditapachika botolo la madzi kunsi kwake. Kutacha unali utawongokako ndithu.

Vuto linali pa juzi lachiwiri. Ndinaluka kachidutswa, popeza tsopano ndaphunzira, n'kukachapa ndi sopo m'madzi otentha. Kanakhwinyata n'kulimba ngati chipewa cha agogo. Ndinayatsa machesi pa nsonga ya ulusi: fungo la tsitsi lopsa, phulusa lofumbutuka pa chala. Ubweya weniweni wa nkhosa. Wa juzi loyamba unasungunuka n'kusiya kampira kolimba, ndiye akiriliki. Kusakaniza awiriwa, tsiku loyamba kuchapa mizere ina ifupika ina ikhala, bulangete lipindika. Loyamba latipatsa magalamu oposa 300, akwana. Lachiwiri ndalukira apongozi masokosi. Mukapita pa kaunjika tengani machesi.

Nyanja ya kaunjika ndi yoderako pang'ono kuposa ya m'sitolo, koma siyikufika pa inki. Ndaivomera. Woyang'anitsitsa aona pomwe tinasinthira, cha mu 1880.

Ndawonjezanso yunifolomu mipukutu iwiri ndi inki umodzi, K11,400. Ulendo uno ndinatuluka nayo panja pa sitolo kukaiona pa dzuwa ndisanalipire. Ofiira otsala atatu ndagulitsa kwa mayi wina woluka zovala za makanda, K3,000 umodzi.

16 Disembala: zaka khumi ndi chimodzi za mu mdima

Mvula yayamba, magetsi akuzimazima. Ndinaluka madzulo atatu ndi kanyali ka sola. Pa kuwala kumeneko nyanja ndi inki ndi chinthu chimodzi. Loweruka titayala magawo, a anzanga kuyambira 1903 mpaka 1913 ndi wakuda bii, chifukwa zambiri mwa zaka zimenezo ndi zozizira kwambiri m'tebulo lonse. Langa lasakanikirana ngati nyemba ndi nandolo. Ine mwini ntchito, amene ndinadulira anzanga makatoni. Aneba sanalankhule kanthu. Anangondipatsira katoni kanga.

Ndamasula maulendo 44. Tsopano mpukutu uliwonse uli m'jumbo yakeyake, dzina lolembedwa ndi maka zilembo zikuluzikulu. Masana ndimasanja majumbo a zaka za madzulo amenewo motsatana mu beseni, usiku ndimangotenga wotsatira osadalira maso. Chaka chikatha ndimachonga pa pepala nthawi yomweyo.

13 Januwale 2024: mtundu wachisanu ndi chinayi

Dzulo bungwe loona za nyengo pa dziko lonse, WMO, lalengeza kuti 2023 ndi chaka chotentha kuposa zonse chiyambire kulemba, madigiri pafupifupi 1.45 pamwamba pa nyengo ya mafakitale asanachuluke. Mwana waika nambala ya 2023 m'tebulo lathu ndipo yadumpha mpanda. Chidede chimathera pa 0.8. Chaka cha 2016, chimene chinali patsogolo, chinakwana m'chidede mothinana. Ichi chadutsa.

Tinakangana pang'ono. Alamu amati tingoika chidede chomwecho, ndani adziwe. Mwana amati tisinthe masitepe onse kuti mitundu ikhalebe isanu ndi itatu, zomwe zikutanthauza kumasula zaka 80 zoluka kale, magawo atatu. Ndinamuyang'ana, anasiya yekha. Tagwirizana kuwonjezera mtundu. Akuti naye Ed Hawkins wakumana ndi vuto lomweli pa chithunzi chake.

Kupeza wofiira woposa chidede koma osakhala wakuda si masewera. M'masitolo mulibe. Ndabwerera pa kaunjika, ndi machesi anga, ndapeza kajuzi kachikazi ka maruni wothima, K4,000. Aneba atakaona anati ichi ndi chiwindi. Dzina lakhala lomwelo.

10 Febuluwale

Tadutsa 1964. Ndimayembekeza kuti chaka cha ufulu chikhala chowala, koma ndi nyanja. Palibe vuto lina sabata zino, kupatula mphaka amene anagona m'beseni la majumbo. Makatoni akugwira ntchito, magawo akusiyana ndi theka la sentimita basi.

16 Malichi: apongozi awerenga bulangete

Tafika 1995. Ndinayala magawo atatu pakhonde kuti ndione ngati akugwirizana. Apongozi anga, amene tikukhala nawo chimwalirireni achimwene awo, anatuluka ndi ndodo yawo n'kukhala pa mpando. Anabadwa mu 1940 kufupi ndi Lunzu. Maso awo ndi akuthwa kuposa anga.

Anati, "Apongozi, ndionetseni chaka changa." Ndinawerenga mizere ndi chala n'kuwaonetsa. Anagwedeza mutu. Kenako anati, "Nanga chaka cha njala?"

Kwa iwo chaka cha njala ndi chimodzi, 1949. Ndinawerenga mizere isanu ndi inayi kutsogolo. Yunifolomu. Buluu wabwinobwino, wofanana ndi oyandikana naye.

Anakhala chete, kenako anafunsa ngati ndawerenga bwino. Ndinabwereza. Anati chaka chimenecho dzuwa linawamba chimanga chili m'mawondo, iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ankadya madeya ndi mizu yakutchire, amuna ambiri anachoka kukasaka chakudya ndipo ena sanabwerenso. "Ndiye inu mwaika mtundu wa madzi?"

Ndisanayankhe anafunsanso za 1992, chaka cha chimanga chachikasu. Chimenecho ndikuchikumbuka ndi ine yemwe, mizere ya anthu pa depoti ndi nsima yosazolowereka ija. Ndinawerenga. Mtambo. Pakati pa zaka zofiira, 1992 wabwerera ku buluu, ndi umodzi mwa mizere yomaliza yabuluu pa bulangete lonse. Kuyambira 1994 buluu kulibenso.

Mwana anayesa kufotokoza. "Agogo, mu Juni 1991 phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika, utsi wake unakwera kumwamba kwambiri n'kutchinga dzuwa pang'ono, dziko lonse linazizirirapo chaka chotsatira. Koma nthawi yomweyo kunali El Niño, ndiye kuno kum'mwera kwa Africa mvula inakana." Zonsezo ndi zoona. Agogo anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti, "Ndiye bulangete lanuli ndi la anthu ena." Analowa m'nyumba.

Usiku umenewo sindinaluke. Manambala ndi olondola, sindikuwakayikira. Koma ndakhala miyezi isanu ndikuganiza kuti ndikuluka chinthu choti munthu wa kuno akachiona azindikira yekha. Munthu wa kuno akamva zakusintha kwa nyengo saganiza za madigiri. Amaganiza za mvula: yabwera liti, yadula liti, yakokolola chiyani. Ofiira kwa iye ndi njala. Bulangete langa likuyankha funso lakuti dziko lonse, nyanja zikuluzikulu ndi madera a chisanu pamodzi, latentha bwanji. Apongozi anafunsa funso lina, ndipo aliyense amene ndidzamuonetse adzafunsa lomwelo.

30 Malichi: mabatani

Sabata yatha, pa 23, boma lalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ndiye nkhani ya apongozi inali pakamwa pa aliyense titakumana.

Kumasula sitimasula. Mizere ikhala momwe ilili. Chimene tachita ndi kuwonjezera mkombero wakuda mbali imodzi, masitichi 10 m'lifupi, ndipo pa mkomberowo tikusokerera mabatani moyang'anizana ndi chaka chake. Lachikasu ndi chilala kapena njala. Loyera ndi madzi osefukira. Ulusi wakuda K4,000, mabatani K1,200.

Achikasu: 1949, 1992, 2002, 2005, 2016, ndipo la 2024 likudikira mzere wake. Oyera: 1946 wa Napolo wa ku Zomba, 1991 wa ku Phalombe, 2015, 2016, 2019 wa namondwe Idai, 2022 wa namondwe Ana amene anawononga ku Kapichira tonse n'kukhala mu mdima, ndi 2023 wa Freddy amene anapha anthu oposa 1,000 kum'mwera.

Chaka cha 2016 chatenga mabatani awiri, ndipo mkombero unachepa, ndinachita kuwasanjikiza. Kum'mwera ndi pakati mbewu zinauma, pamene kuno ku Mzuzu mu Epulo mvula inagwa masiku otsatizana mpaka nyumba kugwa. Khoma la khitchini yathu linapita chaka chimenecho. Aneba, omwe ndi a konkuno, akuti ndi momwe zimakhalira kawirikawiri: El Niño akaumitsa kum'mwera, kumpoto kuno mvula imatha kukhala yokwanira kapena kupyola. Ndiye ngakhale batani limodzi silinena za Malawi yense.

Mwana ali ndi dandaulo ndipo ndililemba chifukwa ndi lomveka. Akuti mizere ndi zoyeza, mabatani ndi zokumbukira. Kumtunda kwa bulangete mabatani ali thithithi, kumunsi kulibe ndi limodzi lomwe, ndiye woona aganiza kuti kale kunalibe njala kapena madzi osefukira, chikhalirecho n'chifukwa chakuti pakhomo pano palibe amene anaziona. Wanena zoona. Tagwirizana kuti mkombero wakuda uyambire pa 1940, chaka chobadwa apongozi. Kumunsi kwake kulibe mkombero konse, kuti zioneke kuti kumeneko sitikunenako kanthu.

Batani la 1949 asokerera okha apongozi. Anakana lachikasu la m'paketi, anadula lawo pa diresi lakale, lalikulu kuposa ena onse. Mwana anafuna kunena kuti kukula kwa batani kusokoneza, ndinamuponda phazi.

27 Epulo: kulumikiza

Magawo onse afika 2023. Mzere wa chiwindi uli pamwamba wokhawokha, ndipo kunena zoona ukuoneka ngati banga.

Ntchito imene palibe anandichenjeza ndi nsonga za ulusi. Paliponse posintha mtundu pamatsala michira iwiri. Magawo atatu, michira mazanamazana. Alamu anali ochenjera, mtundu ukamabweranso pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri samadula, amangoukweza m'mphepete. Gawo lawo linatha tsiku limodzi. Langa ndi la aneba zatenga masabata awiri ndi singano yosokera. Aneba anamanga mfundo n'kudula pafupi, ndipo zitatu zamasuka kale. Musamange mfundo. Siyani mchira wotalika ngati chala, muulowetse m'mizere ya mtundu womwewo.

Polumikiza ndinayamba ndi ulusi wakuda, msoko unaoneka ngati njanji. Ndinamasula n'kuyambanso ndi yunifolomu kumunsi, papaya kumtunda. Ndimagwirizanitsa mzere ndi mzere, ndikumanga ndi mapini pa zaka 10 zilizonse ndisanasoke. Pa 1931 gawo la aneba linali ndi maulendo asanu ndi limodzi m'malo mwa anayi. Sindinawauze. Ndinakoka pang'ono, zinalowa.

Kumtunda sindinatseke. Masitichi onse 264 ndawasiya amoyo pa chingwe cha nsapato.

Kuchapa ndinalakwitsa nyengo. Epulo wa ku Mzuzu aliyense amamudziwa, mvula yosatha ndi nkhungu ya m'mawa. Bulangete la kilogalamu imodzi ndi theka likanyowa limalemera ngati mwana. Ndinalipachika pa chingwe, linatamuka ndi masentimita 9 ndipo masiku atatu silinaume, linayamba kafungo ka chuku. Ndinalichapanso, kulikulunga m'mathawulo n'kupondaponda, kenako kuliyala pa mphasa m'chipinda mawindo otsegula. Labwerera pafupifupi m'malo mwake. Chidede sichinasuluke, chimene ndimaopa kwambiri.

Ndalama zonse zotuluka K79,500. Kuchotsa K9,000 ya ofiira ndinagulitsa aja, K70,500. Ndikanawerenga mitundu poyamba n'kugula zonse mu Okutobala kwacha isanagwe, sindikanafika K55,000.

21 Juni: kusukulu

Lero ndi tsiku limene anthu m'maiko ambiri amaonetsa mizere imeneyi, ndiye ndinalitengera ku kalasi yanga ya Sitandade 7. M'mawa wa Juni, ana manja m'khwapa, mpweya ukuoneka potuluka m'kamwa. Nditangoliyala pa madesiki mnyamata wina wa kumbuyo anati, "Madamu, mukuti dziko likutentha, ife tikunjenjemera. Bwanji tingofunda?" Kalasi yonse inaseka, ndi ine ndemwe. Ndinamufunditsa. Kenako ndinamuuza apeze chaka chimene anabadwa, 2011. Anachipeza pakati pa zofiira zokhazokha. Ndinati apeze cha agogo ake. Anayenda ndi chala mpaka ku buluu. Juni azizirabe chaka chilichonse, tili pamtunda wa mamita oposa 1,200. Mzere umodzi ndi miyezi yonse 12 ndi maiko onse pamodzi.

Cholakwika chinaonekera pomwepo: pa bulangete palibe chaka cholembedwa. Mwana aliyense amayambira pa 1850 kuwerenga, kusokonezeka cha m'ma 1890, kuyambiranso. Theka la phunziro linathera pamenepo. Ed Hawkins anachotsa manambala dala kuti chithunzi chilankhule chokha, koma chake sachigwira ndi manja. Anthu akaligwira bulangete amafuna chaka chawo. Ndadula tinsalu toyera, ndalemba ndi maka yosafufutika 1850, 1860, mpaka 2020, ndasokerera kuseri m'mphepete. Kutsogolo sizioneka, wofuna amapinda n'kuona.

Chachiwiri, ana anathamangira mabatani kuposa mizere. Aliyense ali ndi nkhani ya Freddy kapena ya khoma la kwawo. Mtsikana wina anafunsa chifukwa chake palibe batani la chaka chimene mphepo inasasula denga la tchalitchi chawo. Ndinalibe yankho labwino. Ndinati mabatani ndi a pakhomo pathu, akaluka lawo adzaike.

Aphunzitsi anzanga awiri apempha tebulo. Ndawapatsa, pamodzi ndi chiwerengero cha zaka za mtundu uliwonse ndi katoni.

18 Januwale 2025: mzere wa 175

Achemwali anga a ku Johannesburg anabwera pa Khirisimasi ndi singano ya chingwe, mamilimita 4, yotalika masentimita 120. Ikanakhalapo poyamba sitikanagawa patatu, koma mwina ndikanalukabe mpaka lero ndekha.

WMO yalengeza pa 10 kuti 2024 yaposa 2023, madigiri pafupifupi 1.55. M'tebulo lathu ili pafupifupi digiri imodzi pamwamba pa avereji ija, pa malire penipeni pa chiwindi ndi mtundu wina umene tilibe. Mwana akuti mwa lamulo lathu tikhoza kufuna wachikhumi. Ndaika chiwindi, ndalemba pa pepala kuti ili pa malire. Wofiira woposa pamenepa ndi wakuda basi, ndipo wakuda ndagwiritsa kale pa mkombero.

Ndasamutsa masitichi kuchoka pa chingwe cha nsapato. Asanu anali atathawa pomwe mwana wa alamu anakokera, ndawakweza ndi koloshe. Maulendo anayi a masitichi 264 anditengera mphindi 50, dzanja lazolowera zazifupi. Mkombero ndauwonjezera sentimita imodzi, apongozi asokerera batani lachikasu la 2024, la m'paketi ulendo uno.

Masokosi awo a ubweya aja anachapidwa ndi madzi otentha, tsopano akukwana mdzukulu. Chiwindi chatsala magalamu 140. Ndachiika m'jumbo yake pamodzi ndi tebulo, ndabweza masitichi pa chingwe cha nsapato, ndamanga mfundo ziwiri mbali iliyonse.